Khosi la Amayi Basilia

Palenque, 4 Febuluwale 1996

Okondedwa achemwali Dionisia,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata. Ndikudziwa kuti ku Bogotá kumeneko nthawi yanu ndi yochepa, komanso zolemba zanga n'zovuta kuwerenga. Ndayamba ndalemba papepala lina, kenako n'kukopera pano kuti pasakhale zofufutafufuta. Muli bwanji? Chifuwa chija chinatha? Ife kuno tilipo. Amalume a Fulgencio akupereka moni, ndipo nkhumba ija yaswa.

Kalata yanu tinalandira, ndipo ndinawawerengera amayi. Ndikufuna ndibwereze zimene mwanena kuti ndione ngati ndamva bwino, chifukwa mawu ena anali aakulu. Mwati inu aphunzitsi amene mumaphunzitsa anthu kaimidwe ndi kayendedwe kabwino ka thupi mumakumana chaka ndi chaka kuti musulane pa ntchito yanu. Mwati chaka chino akupatsani mpata woima kutsogolo koyamba, ndipo mukufuna amayi abwere mu Epulo adzasenze beseni pamaso pa aphunzitsi anzanu, kuti aone khosi la munthu amene wakhala akusenza moyo wake wonse. Ngati ndalakwitsa mundikonze.

Amayi akondwa kwambiri. Auza kale anzawo onse ogulitsa nawo ku Cartagena kuti mwana wawo wawaitana kukaphunzitsa aphunzitsi.

Achemwali, mukudziwa kuti kalata iliyonse ndimawawerengera amayi ndisanaimate, ndipo ine kudumpha mzere sinditha, nkhope imandiulula. Ali pompano pampando, akundiyang'ana. Ndiye ndingolemba nkhani za pakhomo. Masiku ano kokonati ndikupala ndine. Maswiti a alegría ndikuumbanso ndine, chifukwa a amayi akumatuluka ophwanyika mbali imodzi. Khofi akumamwa atagwira kapu ndi manja awiri, ndipo makapu athu adongo aja atsala ochepa. Ati ndilembe kuti makapuwo anali akale. Ndalemba.

Sabata yatha tinapita kuchipatala. Ati ndilembe kuti tinangopita kukapimitsa kuthamanga kwa magazi. Ndalembanso. Zina zimene adokotala ananena, ati ndi za adokotala eni ake.

Kodi beseni limenelo liyenera kudzakhala lodzaza?

Ndine mng'ono wanu,
Edelmira

Bogotá, 19 Febuluwale 1996

Edelmira, kamphaka kanga ka kunsi kwa bedi,

Iwe ndi mapepani akowo! Munthu amapepesa polembera mkulu wake? Ndili bwino, chifuwa chinatha, koma kuzizira kwa kuno kulibe tchuthi. Moni kwa amayi, kwa amalume, ndi kwa nkhumba yomwe.

Wamva bwino zonse. Tsono ndikuuze chifukwa chake nkhaniyi yandigwira mtima. Ntchito yathu si yosisita anthu monga amanenera amalume. Timaika manja pakhosi la munthu, m'munsi mwa nkhongo, n'kumvetsera. Manja akamva pamene munthuyo akudzipanikiza, timamuthandiza kuti asiye. Timamukhazika pampando n'kumudzutsa, kumukhazikanso n'kumudzutsanso. Akatopa timamugoneka chagada, maondo m'mwamba, buku kunsi kwa mutu, kuti msana upume. Amabwera atapindika ngati mbedza, anthu a m'maofesi, oimba, ovina, amachoka atatalika.

Chiyambire kupita kumaphunziro osulanawa, malo anga akhala kumbuyo, pafupi ndi ketulo ya khofi. Wakuda ndine ndekha, wochokera kunyanja ndine ndekha, ndipo ndikalankhula amati ndibwereze. Koma pakhoma la chipinda chophunziriramo, mayi Amparo, mkulu wathu, anamatapo zithunzi za amayi osenza mabeseni, zodula m'makalendala. Amaziloza n'kumati, "Onani khosi lomasuka, phunzirani kwa awa." Tsiku lina ndinalephera kuugwira mtima. Ndinati, "Mayi Amparo, makosi amenewo munawakhudzapo? Ine ndinayamwa kunsi kwa khosi lotero." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye tibweretsere." Iwe, ndikachita bwino andipatsa chipinda changa ndi ophunzira anga. Kudzabweranso mphunzitsi wamkulu wochokera kunja.

Wafunsa za beseni. Inde lidzakhale lodzaza, la zinanazi ndi mavwende, osati la maswiti. Anthuwa ayenera kuona kulemera kwenikweni. Amayi adzayenda nalo, kenako adzakhala pampando n'kudzuka lili pamutu, monga ankachitira tili ana pofuna kutiseketsa. Tikiti ya basi nditumiza kudzera kwa a Wilfrido oyendetsa basi ya kwathu.

Za makapu, gula apulasitiki. Amayi akhala akuswa zinthu chibadwire ife, waiwala mbale anaswera pamsana pa abambo? Koma ngati akudwala, unene mosazungulira. Ine makalata oyenda cham'mbali ngati nkhanu sindiwamva. Uzengereze pang'ono kupepesa, ufulumire kundiuza nkhani.

Mkulu wako,
Dionisia

Palenque, 6 Malichi 1996

Okondedwa achemwali,

Moni wambiri. Ndikhulupirira muli bwino. Kalata yanu inachedwa chifukwa a Wilfrido anaiiwala m'thumba la jekete.

Mwafunsa ngati amayi akudwala. Ndawafunsa kuti ndiyankhe chiyani. Ati, "Lemba kuti munthu wodwala sapita ku Cartagena kukagulitsa." N'zoona, akupitabe. Koma zipatso anasiya, akungotenga maswiti okha, beseni losafika ndi pakati pomwe. Kuchoka pakhomo kukafika pokwerera basi ndimasenza ndine. Iwo amalilandira anthu akayamba kuoneka.

Lachisanu anagwa pokwerera basi. Sanavulale, koma anakhala pansi nthawi ndithu akuyang'ana miyendo yawo ngati ya munthu wina. Ati ndilembe kuti anapunthwa pamwala. Ndalemba. Mwalawo ine ndinabwerera kukaufuna, sindinaupeze.

Nditawerenga mzere umenewu anandilanda pepala, koma popeza sadziwa pamene pali mawuwo, andibwezera. Ati ndine mwana wopanda chinsinsi ngati dengu lobooka. Sindinaulule chilichonse, achemwali. Chimene anandilumbiritsa kuti ndisalembe, sindinalembe.

Tsopano ndili ndi pempho, ndipo ndalilingalira masiku ambiri. Bwanji ndibwere ineyo m'malo mwa amayi? Inenso ndimasenza. Zinanazi ndi mavwende ndimatha, ndipo kukhala pampando n'kudzuka ndayeserera kuseri kwa nyumba, beseni silinagwe. Sindidzalankhula, mudzalankhula inu. Ndikudziwa kuti maso a anthu amandiumitsa thupi, koma ndidzayang'ana pansi. Amayi akhoza kubwera nawo n'kukhala pampando wabwino, mudzawatchule dzina kuti ndiwo anatiphunzitsa.

Amayi ati pempho limeneli ndi lamwano, ndilifufute. Ndawauza kuti sindifufuta, ndipo ndawauza kuti ndalembanso zoti sindifufuta.

Mundiuze maganizo anu.

Ndine,
Edelmira

Bogotá, 18 Malichi 1996

Edelmira,

Moni. Ndikulemba mothamanga, zokonzekera zandichulukira.

Iweyo? Iwe amene umabisala kuseri kwa chitseko abambo mfumu akakupatsa moni, ukaime pamaso pa aphunzitsi odzaza chipinda? Ndaseka mpaka misozi. Ngati ukufuna kuona Bogotá ungonena, ndidzakutenga pa Khirisimasi. Palibe chifukwa chowadwalitsira amayi m'kalata kuti mpando wa m'basi ukhale wako.

Mvetsa. Anthuwa safuna khosi la mtsikana. Makosi a atsikana ali nawo ambiri kuno. Akufuna kuona munthu amene tsitsi layera ali kunsi kwa beseni koma akuimabe njo. Dzina la amayi lalembedwa kale pa ndondomeko ya maphunziro, ndipo mayi Amparo auza mlendo wa kunja uja. Ndikabweza mawu tsopano, ndidzabwerera ku ketulo ya khofi mpaka ndidzafe.

Ndakufunsa mosapita m'mbali ngati akudwala, iwe ukundiuza za miyala. Misewu ya kwathu ndi miyala yokhayokha, ndani sanagwepo? Zipatso asiya chifukwa maswiti amayenda malonda nyengo ino, ndikudziwa. Amayi ali ndi pakamwa pawo, ndipo pakamwa pa amayi sipanachitepo manyazi. Akanakhala kuti sangathe, akananena okha.

Ndakulera ndine, Edelmira. Usandichite nsanje pa tsiku limodzi lokha limene ndalidikira zaka zonsezi.

Dionisia

Palenque, 27 Malichi 1996

Dionisia mwana wanga,

Ndine mayi ako. Wondilembera ndi malume ako Fulgencio, chifukwa mlembi wanga wa masiku onse wayamba kuthira mchere wake m'mawu anga. Ndamutuma kukagula shuga kuti ndilankhule momasuka.

Uli bwanji kumeneko? Ukudya? Pa chithunzi unatumiza chija ukuoneka ngati ndodo ya tsache.

Usamvere mng'ono wako. Mwana ameneyu anatengera mantha a abambo ake, amene ankaopa ngakhale nkhuku yofungatira. Ine ndili bwino. Zala zikumachita dzanzi m'mawa, koma ndani wa msinkhu wanga amene zala zake zimaimba nyimbo?

Tamvera. Ine ndayenda pamchenga wa ku Cartagena ndi beseni kuyambira mabere asanamere. Alendo andijambula mpaka ndatopa kumwetulira. Nkhope yanga ili m'nyumba za anthu kumaiko amene sindidzafikako, koma palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsapo dzina. Amangoti, "Mayi, sekani." Tsopano iwe wati anthu ophunzira akhale pansi, ine ndiime, aphunzire kwa ine. Ukawauze kuti dzina langa ndine Basilia Obeso, alilembe bwino. Beseni limeneli ndi limene linakutumiza kusukulu, nalonso likaoneko kumene linakufikitsa.

Ndasoketsa diresi lachikasu ndi duku lake. Zinanazi usagule zazing'ono zochititsa manyazi. Ndinyamuka ndi mwana wa a Tomasa oyandikana nafe nyumba, amene akupita komweko kukafuna ntchito. Mng'ono wako atsala, nkhumba sizidzidyetsa zokha.

Mayi ako,
Basilia

Ine Fulgencio ndangolemba zimene andiuza. Ndinawapatsa mlongo wanga cholembera kuti aike kamtanda kawo pansipa, koma chinkangowapulumuka m'manja, ndiye ndawaikira ndine. Mwina cholembera changa n'choterera. Ukamabwera udzanditengere chipewa.

Palenque, 2 Epulo 1996

Okondedwa achemwali,

Moni. Pepani kuti ndinakukhumudwitsani. Nsanje ndilibe, ndipo Bogotá sindikumufuna, ndimaopa ngakhale basi ya ku Cartagena. Za kubwera ine sindidzanenanso.

Ndamva kuti amayi anakulemberani kudzera kwa amalume. Sindinafunse zimene analemba. Diresi ndasita, nkhata yawo ndachapa n'kuipinda bwino. Beseni alikwecha okha mpaka likuwala, ngakhale kuti ntchitoyo inawatengera tsiku lonse.

Ndatsala ndi pempho limodzi, laling'ono, ndipo ili silikusokonezerani ndondomeko. Munalemba kuti manja anu amamva. Amayi akafika, musanawasenzetse chilichonse, muwaike manja pakhosi monga mumachitira ndi anthu a m'maofesi aja. Musafulumire. Muwauzenso ayang'ane kumanzere ndi kumanja. Mukatero, chimene mudzachite ine sindidzanenapo kanthu, chifukwa ophunzira ndinu.

Ndawawerengera amayi. Aseka, ati, "Agwire, adzapeza chitsulo." Ati mzere umenewu ndiulembe ndi zilembo zazikulu, koma ndaulemba ndi zomwezi.

Ndidzakhala ndikudikira uthenga.

Mng'ono wanu,
Edelmira

Bogotá, 21 Epulo 1996

Edelmira mng'ono wanga,

Amayi ndawakweza basi dzulo. Kalatayi mwina ifika iwo atafika kale, ndipo sindikudziwa kuti akuuza zotani, ndiye imva kwa ine.

Pempho lako ndinalilandira, ndipo ndinati ndidzawagwira khosi kunyumba kwanga akapumula. Koma phiri linagumuka n'kutseka msewu, basi inafika m'mawa wa tsiku lomwelo. Tinachoka kudepoti molunjika kumaphunziro. Diresi lachikasu anavalira m'bafa. Nditatambasula dzanja kuti ndiwakhudze, anandimenya pamkono. "Usandiphwanyire duku, iwe."

Titalowa tinapeza aphunzitsi onse atagona pansi chagada, maondo m'mwamba, mabuku kumutu, opanda nsapato, monga timachitira tisanayambe. Amayi anandinong'oneza, "Aledzera kale m'mawa uno? Nanga nsapato anagulitsa?" Atadzuka onse n'kukhala mozungulira, amayi anayenda mpaka pakati. Iwe, anakongola. Maso onse anali pa iwo. Mayi Amparo anati, "Onani mmene mutu wakhalira pamwamba, sukugwedezeka n'komwe." Amayi anatchula dzina lawo lonse, mlendo wa kunja uja analibwereza molakwika, anamukonza mpaka analitchula bwino. Anthu anaseka, anaomba m'manja. Ine ndinanyada kwambiri.

Amuna awiri ananyamula beseni, akubuula ndi kulemera kwake, n'kuima nalo pafupi. Koma ife tili ndi lamulo: mphunzitsi sayendetsa munthu asanamuike manja. Ndiye ndinaima kumbuyo kwa amayi n'kuika dzanja m'munsi mwa duku.

Edelmira, ndagwira makosi ambiri. Khosi lomasuka limapuma m'dzanja ngati mimba ya khanda. La amayi linali gwa ngati mtengo wa mpanda. Mutu umene anthu ankautamawo sunali kugwedezeka chifukwa sungathe. Ndinati, "Amayi, tayang'anani kuzenera." Anatembenuka thupi lonse, kuyambira kumapazi. Pomwepo nkhata inagwa m'dzanja lawo, ndipo zala zinakhalabe zopinda ngati akuigwirabe. Sanadziwe kuti yagwa.

Ndinanong'ona, "Amayi, miyendo mukuimva?"

Anayankha milomo isakuyenda, akumwetulira anthu. "Ndikumva manyazi amene ukufuna kundipatsa. Auze andisenzetse."

"Mugwa."

"Ndikagwere kwathu. Pano ndiyenda. Tola nkhatayo, mwana wa Basilia."

Amuna aja ankandiyang'ana kuti ndiwapatse chizindikiro. Mayi Amparo anafunsa, "Dionisia, tikudikira chiyani?" Ndinamva mawu anga akutuluka okha. Ndinati, "Ikani beseni pansi. Amayi anga sasenza."

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwinoko. Koma maso onse anali pa ine, ndipo ndinachita chimene tonse timachita ndi munthu amene msana wake watopa. Ndinawagwira pachigongono n'kuwatsogolera kutebulo lathu lophunzitsira, lili pakati pa chipinda, loyalidwa nsalu yoyera. Kwa ife kumugoneka munthu pamenepo ndi ulemu, aphunzitsi amachita kulimbirana. Zaka za kuno zandiiwalitsa, iwe. Ndinaiwala kuti kwathu munthu wogonekedwa patebulo la nsalu yoyera, anthu atamuzungulira, amakhala ndani.

Amayi anayang'ana tebulolo, anayang'ana ine. Kenako analankhula ndi mawu aja amagulitsira maswiti pamchenga, omveka mpaka kumsewu. "Ndiye bweretsani ndi makandulo omwe! Wandiitanira ulendo wonsewu kuti udzandilire ndili moyo?" Anatuluka ali njo, osathamanga, diresi lachikasu likuwala.

Mmodzi wa aphunzitsi anzanga ndi dokotala wa mafupa. Tsiku lotsatira anawapima, ndipo amayi analola kokha chifukwa dokotalayo anawatchula kuti mayi Basilia Obeso. Wati mafupa a m'khosi anaperepeseka, akupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, ndipo katundu wolemera akhoza kuwalanda miyendo tsiku lililonse. Amayi anamuyankha kuti, "Mwangobwereza za mnzanu wa kwathu." Ndiye unkadziwa, Edelmira. Unkadziwa kuyambira Febuluwale. Bwanji sunangolemba mawu amenewo? Ndakukwiyira, ndadzikwiyira, sindikudziwa woyamba kumumenya.

Za chipinda changa chija mayi Amparo sanazitchulenso, ndipo ine sindinafunse. Zinanazi anadya aphunzitsi pa nthawi ya khofi. Zithunzi za m'makalendala zidakali pakhoma, koma dzulo ndinapeza mnzanga wina ataima pafupi nazo nthawi yaitali, dzanja lili pakhosi pake.

Amayi sanandilankhule mpaka kudepoti. Chikwama anakana kuti ndiwanyamulire. Beseni analitenga, ati ndi lawo. Ndiuze ngati afika bwino. Ndiuze makamaka ngati alikhudzanso.

Mkulu wako,
Dionisia

Palenque, 5 Meyi 1996

Okondedwa achemwali,

Pepani kuti ndachedwa kuyankha. Ndinafuna ndiyambe ndaona mmene zinthu zikhalire, kuti ndisakulembereni theka la nkhani. Muli bwanji? Mukudya?

Mwafunsa chifukwa chimene sindinalembere mawu a adokotala. Tsiku limene tinachoka kuchipatala, amayi anandigwiritsa mtanda wa pamanda a abambo kuti ndisadzauze munthu. Ndinalemba zonse zimene zinali kunja kwa lumbirolo. Zotsalazo ndinadalira manja anu, ndipo sanandigwiritse mwala.

Amayi anafika bwino. Anzawo atabwera kudzafunsa za ulendo, anangoti ku Bogotá anthu ophunzira amagona pansi dzuwa lili pamutu, ndipo zinanazi zake n'zowawasa. Dzina lanu sanalitchule. Diresi lachikasu analiika pansi pa bokosi.

Lolemba anadzuka molawirira, anavala, anandiuza kuti ndidzaze beseni. Ndinayamba kuika maswiti. Anati, "Ndati udzaze. Zipatso." Ndinadzaza. Anaika nkhata pamutu, anaima pabwalo n'kunena kuti, "Ndisenzetse."

Achemwali, mukudziwa kuti ine sindinawakanirepo amayi chilichonse. Ndinabisa manja kumbuyo n'kunena kuti, "Ayi, amayi."

"Wati chiyani, kambewa iwe?"

"Ndati ayi. Ndinalumbira kuti sindidzanena. Sindinalumbire kuti ndidzakusenzetsani."

"Wagwirizana ndi wogoneka amoyo patebulo uja eti? Fulgencio! Tabwera kuno!"

Amalume ankadutsa ndi bulu wawo. Anayang'ana beseni, anayang'ana ine, kenako anagwira msana n'kuyamba kubuula. "Mlongo wanga, chiuno changachi chandiyamba usikuwu, ngakhale chipewa chikundilemera." Anapitirira osacheuka. A Tomasa ankasuzumira pampanda, koma amayi atawayang'ana anayamba kuitana nkhuku zawo.

Amayi anawerama kuti alinyamule okha. Zala zinagwira mkombero wa beseni n'kupulumuka. Anayesanso, zinapulumukanso. Kenako anangoima, nkhata ili pamutu popanda kanthu, dzuwa likukwera. Basi ya a Wilfrido inaliza hutala, inadikira, inapita. Ine ndinaimabe pamalo anga. Ndinkalira, koma manja sindinawatulutse.

Sindikudziwa kuti tinaima nthawi yaitali bwanji. Pamapeto pake anachotsa nkhata pamutu pawo n'kuitsindikiza pamutu panga mwaukali. Anati, "Si iwe unalembera dziko lonse kuti umasenza? Chotsa mavwendewo, sindikufuna anthu awiri opunduka m'nyumba imodzi."

Kuyambira tsiku limenelo tikupita awiri ku Cartagena. Ine ndimasenza, iwo amafuula malonda, chifukwa ati mawu anga ndi a udzudzu. Pamutu pawo pali duku lokha. Amayenda kumbuyo kwanga, ndipo nthawi zina ndimamva dzanja lawo m'munsi mwa nkhongo yanga, ngakhale ndikudziwa kuti zalazo sizimva kanthu. Amati, "Masula khosi, ukuyenda ngati fulu." Mlendo wina atafuna kutijambula, anamuuza kuti ayambe wafunsa maina.

Dzulo masana ndinachokera kokadyetsa nkhumba n'kupeza chitseko cha kuchipinda chotseka. Ndinasuzumira. Amayi anali atagona pansi pa simenti, chagada, maondo m'mwamba, buku langa lakale la masamu lili kunsi kwa mutu. Ndinafuna kubwerera mwakachetechete, koma anandiona. Anati, "Ukuyang'ana chiyani? Pansi si patebulo." Kenako anati, "Ukamalembera uja, umufunse ngati buku limodzi likwanira. Usanene kuti ndafunsa ndine."

Ndawawerengera kalatayi. Ati mzere womalizawo ndifufute. Ndawauza kuti sindifufuta.

Inenso ndili ndi funso langa. Madzulo ndikatula beseni, khosi limatentha mbali ya kumanja. Mundiphunzitse kuti ndizisenza bwanji, kapena mundiuze mosazungulira ngati ndiyenera kusiya ndikadali ndi zala zomva. Ine makalata olunjika ndimawamva.

Chonde yankhani msanga. A Wilfrido akangoliza hutala, amayi amandituma kukafunsa ngati abweretsa shuga, chonsecho shuga tili naye thumba lathunthu.

Ndine mng'ono wanu,
Edelmira